Chikhomo Chofiira cha ku Mtapo

Mayi Quitéria a m'mudzi wa Chiputu, kuseri kwa Malowera, agwirapo magazi a anthu ambiri manja osanjenjemera, koma cholembera amachiopa. Mukafuna kuwaona akutuluka thukuta musavutike n'kuwaonetsa njoka. Ingoimitsani galimoto ya boma pansi pa mtengo wa pasukulu, munthu wa nsapato atulutse pepala n'kunena kuti aliyense atchule dzina lake. Pamenepo mayi amene anabadwitsa theka la mudzi wonse amakumbukira mwadzidzidzi kuti asiya nyemba pamoto.

Mantha amenewa ali ndi pochokera. Nthawi ya nkhondo, iwo ali mtsikana wosakwatiwa, m'mudzi munafika anthu a mfuti n'kuitanitsa msonkhano. Anati abwera kudzamva madandaulo a anthu. Onse anangoti zii, kupatula bambo awo a Jossias, munthu wokhulupirira chilichonse chimene wauzidwa, amene anaimirira n'kudandaula za mbuzi zimene zinkatengedwa m'makola. Alendowo anawayamikira, n'kuwalemba dzina m'kabuku. Patapita masiku atatu anabwera kudzawatenga kuti akafotokoze bwino nkhani ya mbuziyo, ndipo mpaka lero a Jossias sanabwereko. Sabata yomweyo banja lonse linawolokera ku Zambia.

Uzamba anauphunzirira kumeneko, kumsasa wa othawa nkhondo, kwa azakhali awo. Atabwerera kwawo mu 1994 anali ndi mwamuna, mwana kumbuyo, poto mmodzi, ndi manja amene mudzi wonse unayamba kuwadalira. Zaka zitapita boma linanena kuti amayi azikachirira kuchipatala. Mayi Quitéria sanatsutse, pakuti kutsutsa boma si khalidwe lawo. Anangosintha ntchito, n'kumaperekeza oyembekezera ulendo wa maola anayi wopita ku Malowera, atasenza mphasa ndi ufa. Koma ntchito imodzi inawatsalira imene chipatala sichikanawalanda, yoika ana a mtayo.

Mwana amene wabadwa osalira, kapena wafa asanatuluke m'chikuta, ku Chiputu sapita kumanda. Sakhomerwa bokosi, saimbiridwa nyimbo, ndipo saliridwa mokweza. Amayi okhaokha amamukulunga m'kansalu n'kupita naye kudambo la Nyankhwazi, pamene dambolo lapanikizika pakati pa miyala ndipo pali misuku yambiri. Dzenje lake limakumbidwa losapitirira chigongono, chifukwa amati ukamuika mwanayo mozama, watsekera mayi wake njira, sadzaberekanso. Amuna samauzidwa malowo ndipo samafunsa. Iwo amangodziwa kuti kumeneko ndi ku Mtapo, kumene akazi awo amakumba dongo la miphika n'kusamba, ndiye mwamuna waulemu wake sapondako. Amuna a ku Chiputu amadziwa mtengo wa ng'ombe ku Fíngoè ndi zimene zikuchitika ku Maputo, koma za dambo la kuseri kwa nyumba zawo amangodziwa dongo basi.

Pansi pa misukuyo Mayi Quitéria aikapo ana kwa zaka makumi atatu. Woyamba anali wawo, chaka chitangotha chibwerereni ku Zambia. Womaliza anamuika dzinja la chaka chino, ndipo anali mdzukulu wawo. Mwana wawo wamkazi womaliza, Olga, anayamba kumva m'mimba miyezi isanakwane, mitsinje itadzaza, ndipo zonse zinathera panjira, pansi pa mtengo, mvula ikugwa. Agogo ake a mwanayo anang'amba chitenje chawo chabuluu, n'kumukulungamo. Mwamuna wa Olga, Dinis, anangouzidwa kuti ulendo uno sizinayende. Anakhala pakhonde tsiku lonse atagwira chipewa m'manja, ndipo sanafunse kanthu.

Dinis ndi mkamwini amene amayi ena amasirira. Samwa, amalima, ndipo akaona apongozi ake akubwera panjira amapatukira kutchire kutali kwambiri mpaka munthu kumumvera chisoni ndi minga. Zaka zinayi ali pakhomopo, awiriwa sanayang'ananepo m'maso. Akafuna kulankhulana amatuma Olga, kapena wina amakhala m'nyumba wina kunja, mawu n'kumadutsa pakhoma. Chilema chake ndi chimodzi, amayenda ndi cholembera m'thumba la malaya. Ndi iyeyo amene analemba makalata opempha damu, kalata pa kalata, chifukwa chilimwe chilichonse ng'ombe za m'mudzimo zimayenda theka la tsiku kukafuna madzi, ndipo zina zimagwera panjira. Mwa ng'ombe zake zisanu, ziwiri zinapita choncho.

Mphepo yachisanu itatha, anthu atayamba kutentha tchire, yankho linabwera. Galimoto yoyera inaima pansi pa mtengo wa pasukulu, ndipo kunamveka kuti aliyense abwere ku konsulta, msonkhano umene boma limafunsa anthu maganizo lisanagwire malo awo. Mayi Quitéria anakumbukira nyemba zawo, koma mnzawo wa kumsasa, Mayi Argentina, anawagwira dzanja n'kuwakokera komweko.

Anthu anakhala monga amakhalira nthawi zonse. Amuna anatenga mabenchi a sukulu kutsogolo, amayi anayala zitenje pansi kumbuyo kwenikweni, kumene mawu amafika atatopa kale. Wotsogolera anali mayi wamng'ono wovala buluku, dzina lake Dona Mónica, amene anatambasula mapu patebulo n'kumalankhula Chipwitikizi, Dinis akumasulira, nkhope ikuwala ngati wadzola mafuta. Mayi Quitéria ankangomva kuti repreza, repreza, ndiye damulo, ndipo mtima unayamba kukhala pansi poona kuti palibe wanyamula mfuti. Kenaka Dinis anatchula malo. Khoma la damulo, la dothi, lalitali kuposa denga la tchalitchi, lidzamangidwa pamene dambo lapanikizika pakati pa miyala, pa misuku paja.

Mayi Quitéria anaweramitsa mutu. Anamva Mayi Argentina akusiya kupuma pambali pawo.

Dona Mónica anali ndi mafunso atatu olembedwa papepala. Kodi pamalopo pali minda? Amuna anati palibe. Pali nyumba? Amuna anaseka. Nanga manda, kapena malo ena opatulika?

"Manda athu ali kuphiri, sinyora, kum'mawa uko," anatero bambo wina wa pabenchi loyamba. "Kumeneko n'kwa dongo chabe. Akazi athu akakumba kwina."

Palibe amene ananama. Bamboyo ananena zimene ankadziwa, ndipo Dinis anamasulira ndi mtima woyera. Kumbuyo kuja amayi oposa makumi anayi ankayang'ana zala za kumapazi kwawo. Dona Mónica anaimika khosi, n'kuyesa Chinyanja chake chosakaniza ndi Chinyungwe.

"Nanga amayi kumbuyoko? Mulibe mawu?"

"Avomera," anayankha bambo wina. "Akanakhala ndi mawu akanalankhula."

Zimenezi zimandikwiyitsa mpaka lero. Munthu wamuika kumbuyo kwa amuna makumi asanu, pakati pawo pali apongozi ake ndi ana ake aamuna, ndiye ukumufunsa chinthu chimene amayi ake anamulumbiritsa kuti asadzachitchule mwamuna akumva. Akakhala chete, iwe n'kulemba kuti wavomera. Dona Mónica analemba, n'kunena kuti malamulo amafuna kuti abwerenso pakatha masiku makumi atatu, anthu akaganiza bwino, kudzatseka nkhani. Kenaka pepala la mayina linayenda. Litafika kwa Mayi Quitéria, anadinda chala mofulumira pamene Olga anawalozera, ndipo inki ija inakhala m'chikhadabo chawo masiku anayi ngakhale anaikwecha ndi mchenga.

Sabata yotsatira kunabwera anyamata awiri oyeza malo, ndipo Dinis anawaperekeza ku Mtapo atanyamula hamala ndi mtolo wa zikhomo zopakidwa utoto wofiira kumutu. Aka kanali koyamba amuna kulowa kumeneko, koma ndani akanaletsa boma? Pochoka anasiya mawu akuti wozula chikhomo adzakayankha kupolisi.

M'mawa mwake Mayi Quitéria anatenga dengu ndi khasu ngati akukakumba dongo. Zikhomozo zinali zitandandalika mzere kudutsa dambo lonse. Anazitsata chimodzichimodzi, akupemphera chamumtima, mpaka anafika pa msuku wopindika umene uli pafupi ndi mwala wathyathyathya. Chikhomo chachisanu ndi chimodzi chinali pamenepo, pa malo enieni amene iwo anafotsera ndi manja awo m'dzinja. Dzulo lake anali ataona zikhomozo zili paphewa pa Dinis, chilichonse chotalika ngati mkono wa munthu wamkulu. Chimene chinkaoneka pamwamba pa nthaka tsopano sichinkakwana chikhato ndi theka. Anakhala pansi pomwepo, dzanja n'kulitambasula kuti azule, n'kulibweza, n'kulitambasulanso. Anabwerera kunyumba ndi dengu lopanda kanthu.

Masana a tsiku lomwelo Olga anabwera kudzawathandiza kupeta mapira, ndipo ali chiweramire palichero ananena motsitsa mawu kuti miyezi iwiri yadutsa osaona kumwezi. Tsiku lina lililonse Mayi Quitéria akanalulutira. Tsiku limenelo anangoti, "Mulungu ngwabwino, mwananga," n'kulowa m'nyumba kuti Olga asaone nkhope yawo.

Tisabise, Mayi Quitéria ndi Mkhristu, ndipo Lamlungu mawu awo ndi amene amamveka pamwamba pa amayi onse. Amadziwanso kuti anamwino a ku Malowera akhoza kumwetulira atamva zoti dothi la kudambo lingatseke mimba ya munthu. Iwo eni sanganene kuti anaonapo zikuchitika, chifukwa pa zaka makumi atatu sanakumbepo dzenje lopitirira chigongono kuti aone chimene chingatsatire. Ndiye ayambe kuyesera pa Olga? Ngati dothi lofika m'chiuno n'loopsa, nanga phiri lathunthu la dothi, lopondedwa ndi makina, pamwamba pa mwana woyamba, wachiwiri ali m'mimba? Chakudya chinasiya kulowa. Akamva njinga yamoto kumsewu, ankathawira m'nyumba.

Anapita kwa Mayi Argentina, n'kuwapeza akusenda chinangwa kuseri kwa nkhokwe.

"Mana Quitéria, m'bale wanga, ine ndili ndi atatu kumene kuja, usaganize kuti ndikugona tulo," anatero Mayi Argentina. "Koma ukaimirira pamaso pa amuna n'kutchula, mwana wina akadzapita padera m'mudzi muno, adzati wadula ndiwe. Ndiponso repreza imeneyi anthu aidikira zaka zisanu ndi ziwiri. Ukaithawitsa, udzamwa kuti madzi? Dzina lako lili kale papepala lawo lija."

"Ndiye tingokhala?"

"Ine sindinati tingokhale. Ndati ndikuopa."

Anayesanso njira ya pakhomo. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, Dinis akusema mpini pakhonde la nyumba yake, Mayi Quitéria analowa m'nyumbamo Olga ali pomwepo, n'kukhala chofulatira khoma.

"Olga, uwauze bambo kuti malo aja asankha si abwino. Akanatsikirako kumunsi pang'ono."

Kunja kasemasema anasiya kulira. "Olga, uwauze amayi kuti ndamva," anatero Dinis mwaulemu wake wonse. "Asadandaule. Dongo ndidzawafunira ndekha, ngakhale kutsidya, ndizidzawatutira panjinga. Kumunsi kuja akatswiri akuti dambo n'lotambalala, khoma lingadye dothi lambiri. Makina ali kale m'njira, akangomaliza konsulta yachiwiri ayamba."

Olga anayang'ana amayi ake, ndipo amayi ake anaona kuti mwanayo wadziwa kale, mwina anapitako yekha. Anali atagwira pamimba ndi manja onse awiri. Mawu amene akanathetsa nkhaniyo anali afupi, ndipo khoma linali lopyapyala, koma panalibe mwa awiriwo amene akanawatulutsa.

Masiku makumi atatu anatha ngati sabata imodzi. M'mawa wa konsulta yachiwiri galimoto yoyera inafika msanga, anthu asanasonkhane, ndipo Dona Mónica anakhala pa chitseko chake akudya nthochi. Mayi Quitéria anamuona ali patali, atabisala kuseri kwa chimbudzi cha sukulu ngati mwana wothawa mayeso. Anaganiza za bambo awo. Anaganiza za Olga atagwira pamimba. Miyendo inayamba kuyenda yokha, ndipo atafika pagalimotopo anapereka moni.

"Sinyora, dishikulupa, pepani. Ndikufuna munthu wamkazi akanditwike dongo."

Dona Mónica anayang'ana dengu lopanda kanthu, n'kuyang'ana nkhope ya mwini wake. Anataya khoko la nthochi n'kuwatsatira.

Pansi pa misuku, popanda mwamuna womva, mawu anatuluka okha. Mayi Quitéria anafotokoza za ana osalira, za chigongono, za chitenje chabuluu. Ankaloza ndi mlomo, apa, apo, paja, kutchula mayina a amayi okhaokha chifukwa anawo alibe mayina. Dona Mónica anavula chipewa. Anati kwawo kumunsi kwa Zambezi agogo ake ankachitanso chimodzimodzi, koma kusukulu anamuphunzitsa kufunsa za manda basi, ndipo funsolo analifunsa.

"Munafunsa amuna, mwananga."

"Ndinafunsa onse, mama."

"Munafunsa onse amuna ali pomwepo."

Dona Mónica anayang'ana mzere wa zikhomo. Kenaka ananena chimene Mayi Quitéria ankachiopa chiyambire. Anati iye yekha sangasinthe kanthu. Akakanena kuofesi kuti mayi wina anamunong'oneza kudambo, adzamuuza kuti papepala loyamba anthu onse anavomera. Chinthucho chiyenera kuonekera pamsonkhano, anthu akuona, ndipo papepala payenera kukhala dzina la munthu mmodzi wa m'mudzimo amene wachibweretsa.

Mayi Quitéria anatsamira msuku. "Kunena sitinganene," anatero. "Ngakhale mutatimanga. Koma kuima tikhoza kuima."

Anthu atasonkhana, anakhalanso monga kale, amuna pamabenchi, amayi pansi. Kusiyana kwake kunali koti kumbuyo kuja kunkayenda kanong'onong'o, kuchoka kwa Mayi Quitéria kupita kwa Mayi Argentina, kuchoka kwa Mayi Argentina kupita kwa wina. Dona Mónica anawerenga zimene zinalembedwa ulendo woyamba, n'kunena kuti asanatseke akufuna onse apite limodzi akaone malowo ndi maso, osati pamapu. Amuna anang'ung'udza za dzuwa, koma ananyamuka. Atafika pamtunda woyang'ana ku Mtapo, anawapempha kuti aime pomwepo.

Mayi Quitéria anatsika okha. Msana wonse unkamva maso a amuna, ndipo ankadikira kuti wina awaitane ndi dzina, awafunse kumene akupita. Anadutsa mzere wa zikhomo, n'kukaima pafupi ndi chitsa cha msuku wakale, pamene anaika mwana wawo mu 1995. Anapinda manja n'kuyang'ana pansi. Kwa kanthawi anali okhaokha m'dambo lonselo, ndipo anaganiza kuti anzawo awathawa.

Kenaka anamva udzu ukulira. Mayi Argentina ankatsika ndi ndodo yawo. Pamalo ena anazika ndodoyo, pena anavula duku n'kuliyala pansi, ndipo pachitatu anaimapo okha, imvi zili pamtunda. Pambuyo pawo panabwera mkazi wa katekisita, kenaka mkazi wa bambo uja ananena kuti kumeneko n'kwa dongo chabe, kenaka ena, nkhalamba ndi atsikana a mabere oimirira, aliyense kulunjika pake osafunsa njira. Palibe analira, chifukwa ana amenewa saliridwa. Dona Mónica anawerenga amayi makumi atatu ndi mmodzi.

Kumtunda kuja kung'ung'udza kunatha. Amuna a ku Chiputu si opusa. Aliyense ankayang'ana mkazi wake, kapena mayi ake, kapena mlongo wake, n'kumakumbukira chaka chimene anauzidwa kuti ulendo uno sizinayende. Zipewa zinayamba kuvulidwa chimodzichimodzi.

Olga anatsika pomalizira. Anayenda pang'onopang'ono motsata mzere wofiira uja, n'kukaima pa msuku wopindika, chikhomo chachisanu ndi chimodzi chili pakati pa mapazi ake. Dona Mónica anali akulankhula Chipwitikizi, kufotokozera anzake a boma, ndipo anadikira kuti Dinis amasulire. Dinis sanamasulire. Anakhala pansi pafumbi pomwepo, atavala buluku lake la Lamlungu.

Atabwerera kusukulu Dona Mónica analemba tsamba lathunthu, n'kukweza mutu. Anati pakufunika dzina. Amayi onse anayang'ananso zala za kumapazi, ndipo sindingawadzudzule. Mayi Quitéria anadzuka n'kuyenda kudutsa pakati pa mabenchi a amuna, njira imene sanayendepo chibadwire.

"Quitéria," anatero.

"Quitéria ndani, mama?"

"Quitéria Jossias."

Anaona cholembera chikuyenda, dzina la bambo awo likulowa m'pepala la boma kachiwiri. Dona Mónica anati, "Ndatenda, mama." Bambo awo nawonso anayamikiridwa tsiku lija, ndipo mawu amenewa sanawatonthoze mpang'ono pomwe. Atafika kunyumba anamanga kamtolo ka chitenje, sopo ndi kolona, n'kukaika kuseri kwa chitseko. Anauza Olga kumene amasunga mbewu ya mtedza. Tsiku lachitatu anakhala pakhonde kuyambira m'mawa, atasamba, akuyang'ana kumsewu.

Sikunabwere munthu. Patatha masabata awiri kunabwera kalata, yonena kuti malo a damu ayezedwanso chakumunsi, kuti zikhomo zakale zikhoza kuzulidwa, ndiponso kuti makina apita kaye ku Chipera. Za Chiputu mwina chaka chamawa. Anthu amene amayenda ku Fíngoè akuti masiku ano Dona Mónica akafika pamudzi amayamba wakhala ndi amayi paokha, kutali ndi mabenchi, ndipo anzake amadandaula kuti misonkhano yake imatha mochedwa.

Chilimwe cha chaka chino chinali choopsa. Ng'ombe zinayendanso theka la tsiku, ndipo khumi ndi imodzi sizinabwerere, imodzi mwa izo ya Dinis, yaikazi, ya bere. Amuna ena akakumana ndi Mayi Quitéria amapereka moni wogwada kuposa kale. Ena amayang'ana kumbali, ndipo mmodzi ananena pachigayo kuti ana akufa amvetsa ludzu ana amoyo. Amayi ena okalamba akunong'ona kuti kuima kuja kunali kunena komwe, ndipo tiona chimene chidzatuluke. Kamtolo kaja kakadali kuseri kwa chitseko. Olga ali ndi miyezi isanu, ndipo amayi ake amamuyang'ana kayendedwe m'mawa uliwonse, mtima uli m'mwamba.

Zikhomo anakazula amayi okhaokha. Cha pa msuku wopindika Mayi Quitéria anauza anzawo kuti achisiye, adzazula okha, ndipo anadikira onse atapita. Chinalimba, moti anachita kuchigwedeza uku ndi uku atagwada. Chitatuluka, kunsonga kwake kunali kansanza kabuluu, kakang'ono ngati chikhadabo. Anakachotsa, n'kukabwezera m'dzenjemo, n'kufotsera ndi chala. Chikhomocho anakachiponya pamoto wowotchera miphika.

Dinis anakhala masabata ambiri osatchula za damu, ndipo cholembera chinasowa m'thumba la malaya. Tsiku lina masana, mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana cha ku Zambia, Mayi Quitéria ali m'nyumba mwawo akusankha mbewu, anamva munthu akukhala pansi kunja, kutsamira khoma. Olga anali kumadzi. Panalibe woti atumidwe.

"Amayi," anatero Dinis. Aka kanali koyamba kuwalankhula popanda wodutsira.

"Ndikumva, bambo."

"Chikhomo chija ndinakhoma ndine. Nthaka inali yofewa pamenepo, ndinadabwa nayo. Ndinamenya kasanu ndi kawiri." Anatsitsa mawu. "Ndimafuna kudziwa ngati ndinamufika."

Mayi Quitéria anayang'ana mtedza umene unali m'manja mwawo. Pa moyo wawo wonse anali asanamuuzepo mwamuna aliyense kanthu za ku Mtapo, choona kapena chonama.

"Simunamufike, bambo," anatero. "Munaphonya ndi chikhato chathunthu."

Kuseri kwa khoma anamva mkamwini wawo akutulutsa mpweya, kenaka akulira motsitsa, mmene amaliridwira ana amene saliridwa. Iwo anapitiriza kusankha mtedza, wabwino uku, wofumbwa uku, mpaka Olga anabwera ndi madzi.